Gitala ya pamalo a phee: ya bokosi, ya magetsi kapena ya pakatikati?

Kuimbira anthu amene akudya, akupemphera kapena akucheza motsitsa mawu ndi ntchito ina, yosiyana kutalitali ndi kuimba pa dansi. Pa dansi ng'oma ndi besi zimakubisa, chala chikaterereka palibe wamva. Koma pakhonde la loji ku Mfuwe, alendo ali pa chakudya chamadzulo mvuu zikumveka kumtsinje, kapena m'tchalitchi pa mapemphero a pakati pa sabata muli anthu 20 okha, chilichonse chimene gitala ikuchita chimakhala pambalambanda: kukhwekhwereza kwa chala pa nsambo, kung'ung'udza kwa kebulo yotha, kuuma kwa mawu a pickup (kachipangizo kotola kulira kwa gitala n'kukutumiza ku sipika) yotchipa. Zonse zimafika m'khutu la munthu amene wakhala mamita awiri kuchokera pamene muli.

N'chifukwa chake oimba ambiri kuno ku Chipata maso ali pa magitala a hybrid, aja opyapyala ngati a magetsi koma otulutsa mawu a gitala ya bokosi ukawalumikiza ku sipika. Pa YouTube amamveka bwino zedi, ndipo ena mwa iwo ndi abwinodi. Koma ojambula mavidiyowo amakhala m'chipinda chotchingidwa bwino, magetsi osazima, shopu ya nsambo ili pakhomo. Ife timaimba pansi pa malata opanda siling'i, pa simenti yobweza mawu, ndi mikisa ya mpingo imene aliyense amaipotokola mmene wafunira. Musanatumize ndalama ku Lusaka kapena kwa mbale wanu ku Johannesburg, dzifunseni kaye: anthu amene ndimawaimbira amamva thabwa la gitala kapena amamva sipika? Nanga magetsi akazima, kapena batire likatha pakati pa nyimbo, nyimboyo ipitirira? Kwa ine mayankho a mafunso amenewa amalemera kuposa dzina lolembedwa pamutu pa gitala.

Chimene chinabala magitala opyapyala

Gitala ya bokosi lalikulu, monga dreadnought imene ambirife tinaphunzirirapo, inapangidwa kuti izidzilirira yokha. Thabwa lapamwamba limanjenjemera, mpweya wa m'mimba mwake umalowa ndi kutuluka pabowo, mawu n'kukula. Koma thabwa limene limamvera nsambo limamveranso sipika. Mukakweza, mawu a m'sipika amagwedeza thabwa lija, pickup imatola kugwedezekako n'kukubwezera ku sipika, zinthu n'kumangozungulira mpaka chipinda chonse chili wuuu, wa pa mikisa akukodola: “Achimwene, tsitsani, ikulira!” Pa magitala aakulu kubuulaku kumakonda kuyambira cha pa 100 Hz (kunjenjemera ka 100 pa sekondi), pamene mpweya wa m'bokosi umavomera, ndi cha pa 200 Hz, pamene thabwa lenilenilo limavomera.

Opanga magitala akhala akulimbana ndi vutoli kwa zaka zambiri. Ovation, imene Charles Kaman anaiyambitsa mu 1966, inatchuka pa siteji m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha pickup yokhala pa buriji pomwepo, pamene nsambo zimamangirira pa bokosi. Yamaha inayamba mtundu wa APX mu 1987, bokosi lake lochepetsedwa dala. Nzeru yake ndi imodzi: bokosi likachepa, kubuula kumachepa.

Koma taonani, limeneli ndi vuto la phokoso. Pamalo a phee, pamene sipika mwangoitsegula pang'ono kuti akumbuyo amve, gitala ya bokosi nthawi zambiri sibuula n'komwe. Munthu akhoza kutaya ndalama zambiri kulipirira vuto limene alibe, n'kutaya nazo pamodzi chinthu chimene anthu a patebulo lapafupi amachikonda, mawu enieni a thabwa.

Gitala imene muli nayo kale

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati muli ndi gitala ya bokosi yolira bwino, ya khosi lowongoka, yambirani pamenepo.

Njira yotchipa kuposa zonse ndiyo imenenso imatulutsa mawu okoma kuposa zonse: maiki pa sitandi. Mipingo yambiri ili nawo kale mamaiki. Musailozetse pabowo, chifukwa pamenepo pamatuluka chimawu chonenepa chimene chimameza nsambo zing'onozing'ono. Ilozetseni pamene khosi likumana ndi bokosi, cha pa fret ya 12 mpaka 14 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi), motalikira masentimita 15 mpaka 30. Shure SM57 ndiyo imene ambiri amaikhulupirira pa ntchitoyi, ngakhale zabodza zake zachuluka pamsika, koma maiki iliyonse yabwino ya woimba imagwira. Kuvuta kwake n'koti muyenera kukhala pansi osasunthasuntha. Panja, mphepo ya mu Ogasiti imalowa m'maiki. Ndipo mvula ikayamba kumenya malata, maiki imatola mvulayo pamodzi ndi inu.

Ngati mumaimba choimirira, pali pickup ya maginito yopachika pabowo, monga Fishman Neo-D kapena Seymour Duncan Woody. Ziwirizi sizifuna batire, sizifuna kuboola gitala, ndipo mukhoza kuichotsa n'kuiika pa gitala ya mnzanu. Mawu ake ndi ofunda, opendekera pang'ono ku gitala ya magetsi, ndipo sizibuula msanga. Dziwani kuti maginito amamva chitsulo chokha, ndiye pa nsambo za nayiloni pickup yotere ndi gonthi.

Pali ina yomata mkati, monga K&K Pure Mini, tizidutswa titatu tomatidwa kunsi kwa thabwa, pansi pa buriji. Nayonso sifuna batire. Imeneyi imamva thabwa lenilenilo, kotero mawu ake amayandikira kwambiri gitala yanu mmene imamvekera m'nyumba, ndipo mukagogoda bokosi ndi dzanja kupanga ng'oma, kugogodako kumamveka. Kwa woimba yekha pamalo a phee, ndimaiika patsogolo. Koma imafuna munthu wa manja osamala poika, pamafunika kukulitsa bowo la kumchira kuti jeki ilowe, ndipo mukakweza kwambiri imabuula msanga kuposa ya maginito.

Imene imabwera kale pa magitala ambiri a m'mashopu ndi piezo, kachingwe kopyapyala kogona pansi pa kafupa koyera kamene nsambo zimatsamira. Imapirira phokoso, koma mawu ake ndi ouma, ndipo mukamenya mwamphamvu amatuluka olasa m'khutu, thwa thwa. Mu bandi palibe amasamala. Pamalo a phee aliyense amamva. Chepetsani treble (mawu akuthwa) ndi mid (mawu apakati) pang'ono, menyani mofatsa, kukweza kusiyireni sipika.

Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa magitala ambiri abwino amanyozedwa pa mlandu umene suli wawo. Pickup yopanda batire, makamaka ya piezo, imafuna kulowa pa khomo la impedance yaikulu, ndiko kuti losakoka mphamvu yambiri kwa pickup, 1 megohm (1,000 kilohm) kapena kupitirira. Khomo la line la pa mikisa nthawi zambiri limakhala cha pa 10 kilohm. Mukalumikiza mwachindunji, besi yonse imathawa, mawu n'kutsala owonda ndi otsika. Kenako munthu amati gitala njoipa, n'kuyamba kulota hybrid. Chosowa ndi kabokosi kotchedwa DI, kapena preamp, koima pakati pa gitala ndi mikisa. DI ya active, ija yofuna magetsi, imatha kudya mphamvu ya 48V yochokera pa mikisa pomwepo, osafuna batire. Kebulo wamba ya gitala ikapitirira mamita 6 imayamba kutaya mawu akuthwa ndi kutola kung'ung'udza, pamene kebulo ya XLR, ija ya maiki, yochokera pa DI imayenda kuchokera kuguwa mpaka kumbuyo kwa tchalitchi popanda vuto. Ndipo tsiku limene mukuimbira pa jenereta masipika akungoti nzzz, kabatani ka ground lift ka pa DI kawirikawiri kamathetsa nkhaniyo. Ngati mpingo kapena gulu lanu lili ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha chaka chino, gulani chimenechi.

Onjezanipo chivindikiro cha labala chotseka bowo, cha tsiku limene malo akula ndipo mukufunika kukweza. N'chotchipa, chimalowa m'thumba la malaya, ndipo chimadula kubuula kwa mpweya wa m'bokosi kuja.

Ya bokosi lochepa

Ngati mulibe gitala yodalirika ndipo mukugula yatsopano, apa ndi pamene ndimatumiza anthu ambiri. Yamaha APX600 ndi chitsanzo chodziwika: kuya kwa bokosi lake ndi mamilimita 80 mpaka 90, pamene dreadnought imapitirira 100, ndipo nsambo zake ndi zofupikirapo pang'ono, mamilimita 634, choncho zimafewa pachala. Ili ndi chotchunira chake pompo, ndi bass, mid ndi treble pambali pa bokosi. Ibanez ili ndi mtundu wa AEG, Cort ndi Takamine nawonso ali ndi ofanana nawo.

Osalumikiza, gitala yotere silira ngati dreadnought. Besi yake ndi yochepa, ndipo amene anazolowera chibokosi amadandaula tsiku loyamba. Komabe imalira. Pakhonde, m'kalasi, pa msonkhano wa limana, pa chinkhoswe cha pabanja, anthu 15 kapena 20 amaimva bwinobwino popanda sipika. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona magetsi akusowa maola ambiri patsiku, ndipo ngakhale lero palibe woimba kuno amene angalumbire kuti malaiti akhalapo mpaka nyimbo yomaliza. Gitala imene imapitiriza kulira sipika ikafa imakupatsani mpata woyandikira kwa anthu n'kumaliza ntchito imene anakuitanirani.

Chinanso chaching'ono koma chofunika: APX600 imadya mabatire awiri a AA, amene amapezeka pa kantemba kalikonse kuchokera ku Nyimba mpaka ku Lundazi. Magitala ambiri amadya batire la 9V lija la makona anayi. M'tauni limapezeka, koma kumudzi Loweruka madzulo mudzalifunafuna, ndipo lotchipa losakhala alkaline silichedwa kutha.

Kuipa kwake sindibisa. Pickup yake ndi piezo, ndipo kuuma kuja kulipo. Mawu a gitala ya magetsi mulibe. Amene akufuna kutsogolera ndi tinsambo tolira ta rumba sadzawapeza muno.

Ma hybrid enieni

Tsopano tifike pa amene akukopa mitima. Fender inatulutsa American Acoustasonic Telecaster mu 2019 pa mtengo wa pafupifupi madola 2,000, kenako ya maonekedwe a Stratocaster mu 2020 ndi Jazzmaster mu 2021. Thupi lake n'lopyapyala, lamphako, lokhala ndi kabowo kakang'ono. Mkati muli ma pickup atatu: piezo pansi pa kafupa, ina yomva thabwa, ndi ya maginito. Zamagetsi zake anapanga mogwirizana ndi Fishman. Switchi yake ili ndi malo 5, malo aliwonse mawu awiri, onse pamodzi 10, kuyambira mawu a bokosi lalikulu, a bokosi laling'ono, mpaka a Telecaster ya magetsi. Kumapeto kwa 2021 kunabwera Acoustasonic Player, yopangidwa ku Ensenada m'dziko la Mexico, pa madola pafupifupi 1,200, ya malo 3 ndi mawu 6.

Ubwino wake ndi weniweni. Njopepuka, khosi lake ndi la gitala ya magetsi ndipo dzanja silitopa, sibuula msanga, ndipo mukailowetsa pa mikisa mawu ake a bokosi amamveka okonzeka kale, ofewa kuposa piezo wamba. Wa pa mikisa amene sadziwa zambiri sangaiononge kwambiri, ndipo zimenezi ndi zamtengo wapatali.

Koma lingalirani izi. Imabwera ndi nsambo za bronze za gitala ya bokosi, ndipo nsambo yachitatu ndi yokulungidwa, kotero kuikoka m'mwamba mmene timachitira pa kalindula kapena rumba kumalemera. Osalumikiza, mawu ake ndi okwanira kuphunzirira m'chipinda, osati kuimbira anthu. Ya American ili ndi batire la mkati lotchajidwa ndi USB, limene Fender imati limakhala maola pafupifupi 20. N'zabwino ngati muli ndi sola kapena power bank, koma batire lotere limakalamba ngati la foni, ndipo kulisintha si ntchito ya mphindi ziwiri. Ya Player imadya la 9V, mumangotsegula kachitseko n'kuika lina. Pa chifukwa chimenechi chokha, kuno kwathu ndingasankhe Player ngakhale ndalama za American zitakhalapo. Ndipo funso lalikulu ndi ili: mawu onse okomawo amapangidwa ndi kabolodi ka kompyuta kamene kali mkati. Wokonza mawailesi ndi mafoni ku Kapata akhoza kuwotcherera jeki yoduka kapena kusintha volyumu yokhwekhwereza, koma kabolodi kaja kakafa, muyenera kuitanitsa kena kunja ndi kudikira, gitala ili pakhoma.

Taylor inayamba kale njira imeneyi ndi T5 mu 2005, kenako T5z yocheperako mu 2014. Nayonso ili ndi ma pickup atatu ndi switchi ya malo 5, imadya batire la 9V, koma imavala nsambo za gitala ya magetsi. Pamenepo mwadziwa kale kumene yapendekera. M'manja ndi gitala ya magetsi yokoma kwambiri, ndipo mawu ake a bokosi ndi opepuka, oyenera kudokola ndi zala kuposa kukwapula makodi. Mtengo wake nawonso ndi wa kumwamba komweko.

Pa ma hybrid onse, imene mtima wanga umakhazikikapo ndi Godin A6 Ultra, yopangidwa ku Canada. Ilibe bowo, thupi lake lili ndi timphako mkati, ili ndi piezo pansi pa kafupa ndi humbucker, mtundu wa pickup ya maginito, kufupi ndi khosi. Chimene ndimaikondera ndi majeki awiri. Mawu a bokosi mumawatumiza ku mikisa kudzera pa DI, a magetsi ku ampu yaing'ono, kapena mumasakaniza onse pa kebulo imodzi. Mulibe mawu 10 osankhapo, muli awiri okha, koma awiriwo mukawasakaniza, humbucker imadzaza pamene piezo yauma, ndipo chotulukacho chimakoma kwambiri pamalo a phee. Zamkati mwake n'zosavuta kuzimvetsa kuyerekeza ndi za Acoustasonic. Vuto ndi kuipeza. Godin sionekaoneka m'mashopu a kuno, nthawi zambiri ndi yoitanitsa.

PRS SE Hollowbody II Piezo, imene inatuluka mu 2020, ikuchokera mbali inayo. Imeneyi ndi gitala ya magetsi yeniyeni imene anangoiwonjezera piezo mu buriji. Mawu ake a bokosi, mukamaimba nokha, sanganamize munthu wa khutu. Koma mkati mwa gulu la matamando, pamodzi ndi kiyibodi ndi ng'oma, amakwanira pa nyimbo ziwiri zitatu zofatsa za kulambira. Nayonso ili ndi majeki awiri, ndipo jeki ya maginito sidalira batire, ndiye batire likatha mumangosamutsa kebulo n'kupitiriza.

Ndani tsono akufunikadi hybrid? Ndi uja amene usiku umodzi amagwira ntchito ziwiri. Pa phwando la ukwati, anthu akudya, amadokola mofatsa. Mbale zikachotsedwa, azakhali a mkwatibwi aimirira, chitenje m'chiuno, akufuna kalindula. Iye wabwera pa njinga yamoto kapena pa basi, sangasenze magitala awiri. Kapena ndi uja woimba ndi looper, kabokosi kojambula zimene waimba n'kumazibwereza, amene amayala makodi ndi mawu a bokosi n'kuimba pamwamba pake ndi mawu a magetsi. Ngati ndinu ameneyo, ndipo kulikonse kumene mupita sipika imakhalapo, hybrid idzakubwezerani ndalama zanu. Ngati ntchito yanu ndi kuperekeza mawu anu ndi makodi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu a magetsiwo mudzawalipira koma osawagwiritsa ntchito, ndipo tsiku limene sipika yafa mudzatsala ndi gitala yonong'ona.

Ziwiri za Yamaha zoyenda njira zosiyana

Silent Guitar inayamba mu 2001, ndipo za masiku ano ndi SLG200S ya nsambo zachitsulo ndi SLG200N ya nayiloni. Ilibe bokosi n'komwe, ndi khosi, mtanda wapakati ndi felemu yozungulira. Popeza palibe thabwa logwedezeka, kubuula kulibe pafupifupi. Ili ndi polowetsa mahedifoni, reverb (yochititsa mawu kumveka ngati m'holo) ndi chotchunira, imadya mabatire awiri a AA, ndipo mbali yapamwamba ya felemu imachotsedwa kuti ilowe m'chikwama chopyapyala. Kwa wokhala m'nyumba za lendi ku Mchini kapena ku Nabvutika, kumene khoma limodzi mukugawana ndi banja lina, kuphunzira usiku popanda kudzutsa mwana wa aneba ndi mphatso yaikulu. Pa mikisa imamveka bwino kuposa mmene maonekedwe ake angakuganiziritseni. Koma popanda sipika ndiye palibiretu chimene anthu angamve.

TransAcoustic, imene inabwera mu 2016, yatembenuza nkhaniyo. Ndi gitala ya bokosi yathunthu, koma mkati, pa thabwa lakumsana, muli kachipangizo kogwedeza thabwalo kuti reverb ndi chorus (yomveka ngati magitala angapo akulira pamodzi) zituluke m'bokosi momwemo, popanda ampu kapena kebulo. Sikuti imakweza mawu, imangowatambasula. M'chipinda cha anthu ochepa, kapena pansi pa mtengo pamene palibe khoma lobweza mawu, imachititsa nyimbo yofatsa kumveka yodzaza. Mabatire ake a AA akatha imakhalabe gitala yabwinobwino. Jeki ilinso pomwepo ya tsiku la sipika. Ngati malo anu ambiri ndi aang'ono chotero ndipo thumba likulola, iyeseni musanayang'ane hybrid.

Za nayiloni ndingonena mwachidule. Nsambo za nayiloni n'zofatsa mwachibadwa, sizichita dzimbiri ngati zachitsulo, ndipo piezo imaziyanja kuposa zachitsulo. Yamaha NTX, Godin Multiac ndi Cordoba Stage zili ndi khosi locheperako kuposa gitala ya classical. Wodokola ndi zala aziganizire, wokwapula makodi a kwaya azisiye.

Sipika, nyengo ndi msewu

Gitala ndi theka chabe la mawu amene anthu amamva. Mtengo wa Acoustasonic Player imodzi ukhoza kukugulirani APX600, DI ndi ampu yabwino ya batire, ndipo pa ntchito ya pamalo a phee gulu lachiwirili limapambana kutali. Roland AC-33 imayenda ndi mabatire 8 a AA, imapereka mawati 30 pa magetsi ndi 20 pa batire. Roland Cube Street EX nayonso imadya 8 a AA ndipo imafika mawati 50. Fishman Loudbox Mini Charge ndi ya mawati 60 ndi batire la mkati lotchaja. Zonsezi zili ndi polowetsa maiki, ndiye inu ndi gitala mwakwanira m'kabokosi kamodzi. Gulani mabatire otchajanso, chifukwa kugula 8 atsopano sabata iliyonse kumadya phindu lonse.

Ambiri timayambira pa masipika aja a mateyala ndi Bluetooth ogulitsidwa ku Down Shops. Amagwira, makamaka ngati gitala ili ndi preamp yake, koma anapangidwira dansi. Tsitsani besi, tsekani echo, muikweze pa mpando m'malo moisiya pansi, ndipo ikhale pambali panu, kumbali ya khosi la gitala, isayang'anizane ndi bowo.

Nyengo yathu siichitira chifundo gitala. Thabwa limakonda chinyezi cha 45 mpaka 55 peresenti. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mpweya umauma kwambiri, ndipo kuchigwa cha Luangwa mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Thabwa lathunthu lapamwamba limatha kung'aluka, nsonga za ma fret zimatuluka m'mbali mwa khosi n'kumakanda dzanja. Nsambo zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, ndiye gitala ikasiyidwa m'galimoto yotsekedwa masana, guluu amafewa, buriji n'kuyamba kunyamuka. Kasiponji konyowa pang'ono, koikidwa m'kabokosi ka sopo koboola, kamathandiza ngati gitala ikugona m'kesi. Mvula ikabwera zimatembenuka: thabwa limafufuma, nsambo zimakwera n'kulemera, dzimbiri limagwira. Pa zonsezi thabwa lomatikiza (laminate), limene magitala otchipa amapangidwa nalo, limapirira kuposa lathunthu, ndipo pa sipika kusiyana kwa mawu ake n'kochepa. Musachite manyazi ndi gitala ya laminate ngati ntchito yanu ndi yoyendayenda.

Chizolowezi chimodzi chimapulumutsa mabatire ambiri: mukamaliza kuimba, zulani kebulo pa gitala. Pa magitala ambiri a batire, kebulo ikakhala m'jeki zamagetsi zimakhala zoyaka, ngakhale gitala ili pa sitandi usiku wonse.

Pogula, Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, pamene Lilongwe, kudzera pa Mwami, sikwana 150. Funsani mitengo mbali zonse ziwiri, muwerengere ndi msonkho wa pamalire. Za pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp zimakhala zotsikirako, koma kumeneko n'kumenenso kuli magitala a dzina lalikulu pamutu, thupi la fakitale ina. Pemphani chithunzi cha nambala ya gitala ndi chizindikiro cha mkati mwa bowo, ndipo Taylor kapena Fender ya mtengo wa gitala yophunzirira ikayikireni.

Mukaigwira m'manja, yambani osalumikiza. Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati lili lowongoka. Pa fret ya 12, mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi chitsulo ukhale mamilimita 2 mpaka 3. Ukakula kuposa apo ndipo kafupa katsika kale mpaka pansi, gitalayo ikufuna ntchito yaikulu. Yesani kulowetsa pepala kumbuyo kwa buriji, likalowa ndiye kuti yayamba kunyamuka. Kenako lumikizani, makamaka pa sipika yanu yomwe ngati mungathe kuinyamula, ndipo muiyese motsitsa, pa mlingo umene mudzaimbire, chifukwa m'shopu amakonda kukweza kuti musangalale. Lizani nsambo imodziimodzi, mumve ngati zonse 6 zikutuluka mofanana. Pa piezo yoikidwa molakwika nsambo imodzi imasowa, kawirikawiri yoyamba kapena yomaliza. Gwedezani kebulo pa jeki, yendetsani mabatani onse, tsegulani kachipinda ka batire muone ngati mulibe zoyera za batire lodontha.

Ikamabwera pa basi, masulani nsambo pang'ono, kulungani mutu wake ndi nsalu, ndipo pemphani kondakitala kuti ikhale nanu pampando kapena pamwamba pa katundu, osati pansi pa matumba m'buti. Muli komweko gulanitu mapaketi angapo a nsambo za saizi imene gitalayo imavala, makamaka ngati ndi hybrid, chifukwa ya bronze ndi ya nickel sizisinthana bwino pa pickup ya maginito, ndipo saizi imene mukufuna siipezeka nthawi zonse kuno.